Mbiri ya Lilongwe imene timaiponda tsiku ndi tsiku

Anthu ambiri, makamaka amene anakulira ku Zomba ndi ku Blantyre, amakonda kunena kuti Lilongwe ndi mzinda wopanda mbiri, mudzi waukulu umene boma linangouthira phula n'kuumangira maofesi. Ine amene ndimakhala mumzinda uno sindivomereza maganizo amenewa, ngakhale ndimamvetsa kumene amachokera. Ku Blantyre munthu amaona ndi maso ake nyumba ya Mandala ya mu 1882 ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels chimene chinatha kumangidwa mu 1891, ndipo sasowa womuuza kuti pamalopo panadutsa anthu akale. Kuno kwathu zinthu zinachitika zambiri, zina zikuluzikulu zimene zinatembenuza dziko lonse, zina zazing'ono koma zodabwitsa, kungoti sitinaziikire zikwangwani. Mbiri yathu yatsalira m'mayina a misewu, m'manambala a madera ndi m'mitu ya agogo amene akutisiya mmodzimmodzi.

Azungu asanaponde dera lino, kumwera chakumadzulo kwa mzinda wa lerowu, m'munsi mwa mapiri a Dzalanyama, kunali kachisi wa mvula wa ku Msinja, kumene kunkakhala Makewana. Chilala chikavuta, mafumu a Achewa ochokera kutali ankatumiza nthumwi zawo kumeneko ndi nsembe kuti akapemphe mvula. Mtsinje wa Lilongwe umachokera kumapiri omwewo, n'kudzera m'madamu a ku Malingunde usanafike m'mipopi yathu, choncho madzi amene timamwa mumzinda uno amachokera kudera limene makolo athu ankapita kukapempha madzi. Ndimadabwa kuti ana athu amaloweza mitsinje ya maiko ena kusukulu koma ambiri sadziwa zimenezi.

Boma la atsamunda linakhazikika m'mbali mwa mtsinjewu, m'dera la mfumu Njewa, mu 1904. Malowa anakula chifukwa anali pamphambano: msewu wochokera kumwera wopita kumpoto unkakumana apa ndi wina wopita ku Fort Manning, kumene lero timati ku Mchinji, n'kupitirira mpaka ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata. Amwenye anatsegula masitolo awo tsidya lina la mtsinje, azungu anamanga nyumba zawo tsidya linalo kumtunda, ndipo kugawikana kumeneko kumaonekabe munthu akawoloka mlatho kuchokera kumsika waukulu kupita ku Area 3. Ngakhale chipatala cha Bwaila, chimene akuluakulu amachitchabe kuti Bottom, chinali cha anthu akuda, pamene azungu anali ndi chawo kumtunda. Chimene chinabweretsa ndalama ndi fodya. Cha m'ma 1920 mzungu wina, A. F. Barron, anayamba kulimbikitsa alimi a kuno kulima fodya wochiza ndi utsi kuchokera kumunda wake wa ku Mbabzi, ndipo ulimiwu unafalikira mofulumira kotero kuti mu 1926 boma linakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board kuti liziuyang'anira. Amene amadutsa mumsewu wa Barron Avenue ku Area 3 akudutsa m'dzina la munthu ameneyu. Msewu wa Glyn Jones nawo uli ndi dzina la bwanamkubwa wotsiriza wa Nyasaland, amene anatsalabe m'dziko muno monga woimira Mfumukazi mpaka 1966. Lilongwe anavomerezedwa kukhala tauni mu 1947, koma pa kalembera wa mu 1966 munali anthu osakwana 20,000.

Nanga zinatani kuti katauni kotere kalande Zomba ulikulu? Nkhani imene tinkaimva kusukulu ndi ya maloto a ku Gwelo. Dr Hastings Kamuzu Banda atamangidwa pa 3 Malichi 1959 anakatsekeredwa kundende ya Gwelo ku Southern Rhodesia, ndipo iye mwini ankanena kuti ali kumeneko analota zinthu zitatu: kusamutsira likulu ku Lilongwe, kumanga yunivesite ku Zomba, ndi kulambula msewu wa m'mbali mwa nyanja. Zifukwa zomveka zinalipo. Chitukuko chonse cha atsamunda chinaunjikana kumwera, Zomba anapanikizika m'tsinde mwa phiri popanda malo okulira, ndipo munthu wa ku Karonga kapena ku Chitipa ankayenda pafupifupi dziko lonse kuti akafike kulikulu. Ena amawonjezera kuti Kamuzu, mwana wa ku Kasungu, ankafuna likulu pakati pa anthu a kwawo, ndipo sindiona chifukwa chokanira kuti zimenezi zinalinso mumtima mwake.

Chimene sitinkauzidwa momveka ndi kumene kunachokera ndalama. Dziko la Britain, limene panthawiyo linkathandiza boma lathu kulipira ngakhale zinthu za tsiku ndi tsiku, linakana kulipirira ntchitoyi ponena kuti dziko losauka silingakwanitse. Kamuzu anatembenukira ku South Africa, dziko limene panthawiyo linali pansi pa ulamuliro wa tsankho ndipo maiko ambiri a anthu akuda ankalisala. Malawi anakhazikitsa ubale wa ukazembe ndi dzikolo mu 1967, ndipo mu 1968 boma la kumeneko linapereka ngongole ya ndalama zokwana 8 miliyoni za rand yoyambira ntchito, chaka chomwecho chimene bungwe la Capital City Development Corporation linakhazikitsidwa. Akatswiri amene anajambula mapulani a mzindawu anachokeranso komweko. Nduna yaikulu ya dzikolo, John Vorster, inabwera kuno mu 1970, ndipo mu 1971 Kamuzu anapita kukacheza ku South Africa, ulendo umene unakwiyitsa atsogoleri ambiri a mu Africa. Ine ndimaona kuti nkhani imeneyi tiyenera kuiphunzitsa poyera, popanda kuibisa ndiponso popanda kuikometsera. Maofesi a ku Capital Hill, kumene kumapangidwa ziganizo zokhudza Mmalawi aliyense, maziko ake anakumbidwa ndi ndalama za boma limene linkazunza abale athu, ena a iwo Amalawi amene ankagwira ntchito m'migodi ya ku Joni. Munthu akhoza kunena kuti Kamuzu analibe kwina kolowera, wina akhoza kunena kuti anagulitsa ulemu wa dziko, koma onse awiri ayenera kuyamba adziwa kuti zinachitika.

Mapulani amenewo ndi amene amatiyendetsa mitunda italiitali mpaka lero. Ojambulawo anafuna mzinda wotakasuka, wa mitengo yambiri, umene unadzagawidwa m'magawo anayi otalikirana, tauni yakale, Capital Hill, Kanengo ndi Lumbadzi, ndipo pakati pa tauni yakale ndi City Centre anasiya nkhalango m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi. Nkhalangoyo ndi mphatso yaikulu imene mizinda yambiri ilibe, ndipo ndimadandaula ndikamaona ikudyedwa m'mbali. Koma mzinda wotere unajambulidwa poganizira munthu wa galimoto, pamene anthu ambiri amene anabwera kudzaumanga ndi kudzautumikira analibe ngakhale njinga. N'chifukwa chake m'bandakucha mumaona mizere ya anthu ochokera ku Mtandire, ku Chinsapo, ku Kauma ndi ku Mgona akuyenda wapansi m'mphepete mwa misewu, atanyamula nsima ya masana m'tizitini, kupita kumadera kumene amalondera ndi kusesa. Manambala a madera nawo amasokoneza mlendo aliyense, popeza sanaperekedwe motsatira kuyandikana kwa malo. Munthu akhoza kuganiza kuti Area 24 ndi Area 25 n'zoyandikana, koma ina ili kumwera chakum'mawa kupitirira Kawale, inayo ili kumpoto kufupi ndi Kanengo, ndipo woyenda pakati pa ziwirizi amakwera minibasi ziwiri n'kutsika kudepoti. Kondakitala akamakuwa kuti 25, Kanengo, Lumbadzi, amakhala akutchula mapulani a mzindawu iye osadziwa.

Pali mbali ina ya nkhaniyi imene imandikhudza kuposa zonse. Malo amene anamangapo likulu sanali thengo lopanda eni. Panali midzi, minda, madambwe ndi manda, ndipo anthu ake anasamutsidwa kuti papite misewu ndi maofesi. Chizindikiro chawo chimene chatsala ndi mitengo. Mukamayenda m'madera ena a mzinda uno mumapeza kankhalango kowirira ka mitengo yachilengedwe katazunguliridwa ndi mipanda ya njerwa mbali zonse, mitengo italiitali imene palibe walimba mtima kuidula ngakhale nkhuni zili zodula chotere. Kawirikawiri amenewo amakhala manda a mudzi umene unachoka. Anthu amadutsa pambali pake ndi mabasiketi a kumsika, ana amasewera mpira chapafupi, koma mukafunsa kuti mudziwo unali wa mfumu yanji ndipo anthu ake anapita kuti, oyankha amakhala ochepa kwambiri. Pakati pa Achewa manda si malo wamba, ndipo mudzi umene wasiya manda ake wasiya gawo la moyo wake.

Likulu linasamuka mwalamulo mu 1975, ndipo zina zinatsatira mofulumira: chipatala chachikulu cha Kamuzu Central mu 1977, njanji yochokera ku Salima mu 1979 ndi thandizo la dziko la Canada, ndi bwalo la ndege la ku Lumbadzi mu 1983. Chodabwitsa n'chakuti Nyumba ya Malamulo inatsalira ku Zomba mpaka ulamuliro wa chipani chimodzi utatha, ndipo Kamuzu mwini, amene analota mzindawu, ankakhala nthawi yambiri ku Sanjika ku Blantyre. Kuti Lilongwe unali mzinda wa boma zimaonekera ngakhale pa mpira. Matimu akuluakulu a ku Blantyre, Bullets ndi Wanderers, anakula ndi makampani ndi makwalala a mzindawo, pamene a kuno anabadwira m'maofesi ndi m'misasa: Silver Strikers ndi ya banki yaikulu ya Reserve, Civo ndi ya ogwira ntchito m'boma, Blue Eagles ndi ya apolisi, ndipo Kamuzu Barracks, imene inatenga ligi mu 2016, ndi ya asilikali.

Dzina la msewu wa Kamuzu Procession limanena lokha ntchito yake. Akuluakulu amene analipo amafotokoza kuti Ngwazi ikamabwera, masitolo ankatsekedwa, ana a sukulu ankandandalikidwa m'mbali mwa msewu kuyambira m'mawa, ndipo amayi a mbumba, atavala nsalu za nkhope ya Kamuzu, ankavina padzuwa kudikira mdipiti wa galimoto. Pachipata cha msika pankaima anyamata a malaya ofiira ofunsa khadi la chipani, ndipo wopanda khadi ankabwerera osagula ngakhale mchere. Lamulo la kavalidwe la mu 1973 linaletsa akazi kuvala mabuluku ndi masiketi osaphimba mawondo, amuna analetsedwa kusunga tsitsi lalitali, ndipo alendo ena ankametedwa polowa m'dziko. Lamulolo linachotsedwa mu 1993. Wailesi yakanema kunalibe mpaka 1999, choncho mbadwo wonse unamva nkhani za dziko ndi mpira womwe kudzera pa MBC yokha. Achinyamata a lero akamva zimenezi amayesa nthano, koma amene anaziona ali moyo, ena akugulitsa tomato ku Tsoka, kumene timalipira kandalama kuti tiwoloke timilatho tamatabwa.

Kutha kwa ulamuliro umenewo kuli ndi masiku ake awiri amene ndi a Lilongwe. Patangotha mwezi umodzi kalata ya maepiskopi a Katolika itawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, Chakufwa Chihana, mtsogoleri wa mabungwe a anthu apantchito, anatsika ndege pabwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi pa 6 Epulo akuchokera kumsonkhano wa ku Lusaka. Ankadziwa kuti amangidwa, koma anatulutsa pepala n'kuyamba kuwerenga mawu ofuna ufulu wa zipani zambiri, ndipo apolisi anamugwira pomwepo asanamalize. Anatuluka m'ndende kutatsala masiku ochepa kuti kuchitike riferendamu ya pa 14 Juni 1993, pamene nyali, chizindikiro cha zipani zambiri, inapambana tambala wakuda wa chipani chimodzi ndi mavoti pafupifupi 63 pa 100 aliwonse, ngakhale chigawo chathu chapakati chinavotera kwambiri tambala. Anthu mazanamazana amadutsa pabwalo la ndegelo tsiku lililonse, ndipo ndi angati amene amakumbukira kuti pamenepo munthu anaika moyo wake pachiswe chifukwa cha ufulu umene tikuugwiritsa ntchito polemba nkhani ngati ino?

Tsiku lachiwiri ndi 3 Disembala 1993. Apayoniya, gulu la achinyamata a chipani cha Kamuzu lokhala ndi zida, atapha asilikali ku Mzuzu, gulu lankhondo linanyamuka kukawalanda zida pa ntchito imene inatchedwa Operation Bwezani, nthawi imene Kamuzu anali asanachire bwino atachitidwa opaleshoni ya m'mutu ku Johannesburg. Mfuti zinalira pakati pa mzinda uno, ku Youth House, kulikulu la chipani cha Malawi Congress ndi ku Kamuzu Institute, ndipo apayoniya ambiri anathawira ku Mozambique. Amene anali m'maofesi a ku City Centre tsiku limenelo amasimba za kuthawa wapansi kudutsa m'tchire, nsapato zili m'manja, ndipo ena amasimba za anthu amene ankaimirira m'misewu kuombera asilikali m'manja. Gulu limene linkaopedwa kwa zaka 30 linatha m'masiku owerengeka.

Nyumba imene ili ndi nkhani zodabwitsa kuposa zonse ndi imene lero imatchedwa Kamuzu Palace, kum'mawa kwa mzinda. Inamangidwira Kamuzu kwa zaka zambiri ndi ndalama zochuluka, ili ndi zipinda pafupifupi 300, koma mwiniwakeyo anagonamo nthawi yochepa kwambiri. Bakili Muluzi atapambana pa chisankho cha pa 17 Meyi 1994 anakana kukhalamo, ponena kuti ndi chizindikiro cha kusakaza chuma m'dziko losauka, ndipo aphungu anayamba kukumana m'menemo m'malo mwa ku Zomba. Bingu wa Mutharika atalowa mu 2004 ananena kuti nyumbayo ndi ya mtsogoleri wa dziko, n'kusamukiramo kumapeto kwa chaka chomwecho. Mu Malichi 2005 kunamveka nkhani, imene inafika mpaka m'manyuzipepala a kunja, yakuti mtsogoleriyo wasiya kugonamo chifukwa cha mizukwa. Bingu anaikana nkhaniyo mwamphamvu, ndipo atolankhani awiri amene anailemba, Raphael Tenthani ndi Mabvuto Banda, anamangidwa. Anthu amakumbukira mizukwa n'kuiwala kumangidwako, koma kwa ine kumangidwako ndiko kofunika, chifukwa kunasonyeza kuti patatha zaka 11 za ufulu wa zipani zambiri mtolankhani akanathabe kugona m'chitokosi chifukwa cha nkhani yonyansitsa mtsogoleri. Aphungu anadzapeza nyumba yawoyawo mu 2010, yomangidwa ndi dziko la China, Malawi atathetsa ubale wake wa zaka zoposa 40 ndi Taiwan. Zimenezi zikutanthauza kuti likulu lathu linakhala zaka 35 lopanda Nyumba ya Malamulo yakeyake.

M'nyumba ya boma yomweyo ndi mmene Bingu anakomokera pa 5 Epulo 2012, n'kuthamangitsidwa naye ku Kamuzu Central. Kwa masiku awiri dziko linakhala m'mdima, thupi lake litatumizidwa ku South Africa boma lisanalengeze za imfa yake, nduna zina zikulankhula usiku pa wailesi yakanema kuti wachiwiri wake sangalowe m'malo, anthu akunong'onezana m'maminibasi zimene aliyense ankazidziwa kale. Asilikali anaima ndi malamulo a dziko, ndipo pa 7 Epulo Joyce Banda analumbiritsidwa ku Nyumba ya Malamulo, kukhala mayi woyamba kutsogolera Malawi ndi wachiwiri mu Africa pambuyo pa Ellen Johnson Sirleaf wa ku Liberia. Patangopita milungu yochepa aphungu anabwezeretsa mbendera ya dzuwa lotuluka imene Bingu anaisintha mu 2010. Pafupi ndi Nyumba ya Malamulo pali chiliza cha Kamuzu, amene anamwalira pa 25 Novembala 1997, chimene chinatsegulidwa mu 2006 ndipo chimakumbutsa ngodya zake zinayi za umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Amenewa ndi amodzi mwa malo ochepa mumzinda uno kumene mlendo angapeze munthu womufotokozera zakale.

Mayina a misewu nawo amasintha pamaso pathu. Msewu wa Chilambula unasanduka Paul Kagame mu 2007 pamene mtsogoleri wa Rwanda anabwera kudzacheza, ndipo akuluakulu ambiri akugwiritsabe dzina lakale. Bwalo la zamasewera la Bingu, lolowa anthu oposa 40,000, linatsegulidwa mu Januwale 2017, ndipo pa 6 Julayi chaka chomwecho, pa chikondwerero cha ufulu wa dziko, anthu 8 anafa pa chipwirikiti cha pachipata, 7 mwa iwo ali ana. Timapitako kukaonera Flames ndi kukakuwa mpaka mawu kutha, ndipo n'koyenera kutero, koma ana amenewo anayenera kukhala ndi mwala wa mayina awo pachipata chimene anafera.

Pa kalembera wa mu 2008 Lilongwe anapitirira Blantyre pa chiwerengero cha anthu, ndipo mu 2018 tinali pafupifupi 990,000. Ambiri mwa anthu amenewa anabadwa Kamuzu atachoka kale pampando, ndipo ambiri anachokera kumaboma ena. Nyumba yaikulu yosungiramo zinthu zakale ili ku Chichiri ku Blantyre, nkhokwe ya zikalata za boma ili ku Zomba, choncho mwana wa ku Biwi kapena ku Area 49 wofuna kuona chithunzi cha mzinda wake mu 1970 ayenera kukwera basi ya kumwera. Khonsolo ya mzinda, masukulu a ukachenjede ndi mawailesi a kuno angathe kuyamba ndi ntchito yosafuna ndalama zambiri, yojambula mawu a anthu amene anaona zinthuzi. Mnyamata amene anali ndi zaka 20 pamene mathirakitala anayamba kugumula midzi kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 lero akuyandikira zaka 80, ndipo ndi iye yekha amene angaloze pamene panali bwalo la mfumu, pamene panali chitsime ndi pamene panali dambwe.

Ngati agogo anu anali a m'midzi imene inasamutsidwa, kapena anagwira ntchito yomanga Capital Hill, kapena anali ku City Centre tsiku la Bwezani, khalani nawo pansi muwafunse dzina la mudzi, dzina la mfumu, kumene anawapititsa ndi chimene anapatsidwa posamuka. Mukandilembera zimene akuuzani, ndidzaziika pano mudzi ndi mudzi, kuyambira ndi midzi imene inali pamalo pamene lero pali Capital Hill ndi Area 18.